Mayi Njala wa pa TV ya M'chigafa

Amake Thandizo anatsika pa ngolo ng'ombe zisanaime n'komwe. Anamangitsa chitenje m'chiuno n'kulunjika ku wailesi ya kanema ya pa Namitete, ija anthu amangoti TV ya m'chigafa, poti inayambira m'chigafa cha fodya chomwe anangochimangira njerwa. Mlonda anafuna kufunsa ngati anapangana ndi abwana. Anamuyang'ana kamodzi, iye n'kupatuka.

Mkwiyo wawo unali wakale. Chaka cha njala ija, wailesiyi itangoyamba kumene, Rodgers Chikoti anafika pamudzi pawo ndi kamera yobwereka. Anawapeza atakhala pambali pa mtondo, akupeta madeya, chitenje chili chibowolebowole. Anawajambula, iwo osakana, poganiza kuti mwina akuluakulu akaona atumiza chimanga. Njala inatha. Mayiwa analima mtedza, anagula ng'ombe, nyumba anafolera malata. Koma m'chigafa muja sanasinthe. Wowerenga nkhani akangotchula za njala, kaya ndi ya ku Nsanje, kaya ya dziko lina, pa kanema pankatuluka iwo ndi lichero lawo la madeya.

Anthu a pamsika anawapatsa dzina loti Mayi Njala. Iwo ankangotukwana n'kumapita. Koma dzulo lake mlongo wawo Jailos, nkhoswe ya Thandizo, anabwera nkhope ili pansi. Akuchimuna a ku Kabudula anali ataonera kanemayo pa golosale. Anatumiza mawu oti chinkhoswe chiyambe chaima, Eliya wawo sangapite chikamwini kumudzi komwe apongozi amadya madeya.

Rodgers anali bwana tsopano, wa tayi ndi kamimba.

"Takulandirani, amayi. Katswiri wathu wa pa kanema," anatero akumwetulira.

"Katswiri ndi amanu. Ndichotseni m'makina mwanumo lero lomwe."

Rodgers anayamba kufotokoza mofatsa ngati akulankhula ndi mwana. Anati wailesi yonse ili ndi kamera imodzi, njinga yamoto inafa, atolankhani sangafike paliponse. Nkhani yopanda chithunzi anthu saonera, amatembenukira ku mpira. Ndiye amangotenga zomwe anajambula kale, umo ndi mmene amagwirira ntchito chiyambireni. Anawonjezeranso kuti chithunzi chawo chimakhudza mitima, ngakhale a mabungwe amachikonda.

"Ndiye mwanenepa ndi njala yanga, eti? Ine ndinakhuta kalekale, koma kwa inu ndikadali pa mtondo. Mwana wanga akalambire pakhomo chifukwa njinga yanu inafa?"

Rodgers anati aona chochita, abwerenso sabata yamawa.

Amake Thandizo anakankha chitseko cha chipinda choulutsira, momwe Jane, wowerenga nkhani za masana, ankadzipaka ufa kumaso. Anamuuza kuti asunthe. Anakhala pampando wake, pansi pa magetsi otentha aja, navula nsapato n'kuziika bwinobwino pambali. Ananena kuti sadzukapo. Ngati nthawi ya nkhani yakwana, ayatse makina, awerenga iwo. Auza Namitete yense kuti tsiku lojambula lija Rodgers Chikoti atamaliza ntchito anakhala pa mkeka, anamwa phala la madeya omwewo, napempha lina.

Jane anayang'ana abwana ake, kenako anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Rodgers anamasula tayi. Anati palibe chifukwa chofikira kumeneko, anthu amakambirana. Anawaitanira pa kompyuta, nawaonetsa kankhope kawo kakale, nadina. Kanasowa.

Mayiwa sanakhutire. Anati sukulu sanapite nayo patali, koma akudziwa kuti a ku Kabudula sangaone chinthu chomwe chachotsedwa, aona chomwe chaikidwa. Anamugwira Rodgers pa mkono n'kutuluka naye panja. Pa ngolo paja panali matumba a chimanga ndi mtedza, osanjikizana mpaka pamwamba. Anamuuza kuti kamera agwire yekha monga kale. Anakwera pa matumba, nakonza duku, natukula chibwano.

"Ng'ombe zioneke zonse. Ndipo dzina la mudzi mulitchule mokweza, a ku Kabudula makutu awo ngolemera."

Masana omwewo anatuluka pa kanema. Mwezi usanathe akuchimuna anafika ndi tambala wawo, akuseka ngati sananenepo kanthu. Chinkhoswe chinachitika, ndipo Eliya anamanga nyumba kuseri kwa khola la apongozi ake.

Koma TV ya m'chigafa sinagule kamera ina, njinga ija sinadzuke. Tsopano Jane akangotchula za zokolola, kaya ndi za ku Mchinji, kaya za ku Karonga, pankatuluka Amake Thandizo ali pamwamba pa matumba. Mvula inavuta, nkhokwe inatsika, iwo pa kanema ali chikhalire pa matumba omwe aja. Achibale omwe sanapondepo pakhomo chaka cha madeya anayamba kufika, aliyense ndi thumba lopanda kanthu m'khwapa. Akawakaniza, achibalewo ankati asawanamize, awaona pa kanema dzulo lomweli.

Tsiku lina m'mawa anapeza atatu atakhala kale pakhonde. Sanawapatse moni. Anazungulira kuseri kwa khola n'kugogoda pa chitseko cha mkamwini wawo.

"A Eliya, mangani ng'ombe pa ngolo. Musakwezepo kanthu. Tikupitanso kwa Rodgers."