Marcelina Watumbiza

Ine ndine Zulmira wa ku Chidzolomondo, ndipo aliyense kuno angakuuzeni kuti pakamwa panga sipaikidwa chala. Sindikana. Kutchalitchi kwathu ndakhala m'gulu la amayi a Lejiyau zaka makumi awiri, ndipo nkhani ya mimba ikabuka pamsonkhano, anzanga amangokhala chete kuti ndiyankhule ine. Ndimati mwana ndi mwana, ngakhale akhale wochepa ngati njere ya nyemba, womukhudza adzayankha kwa Mulungu. Atabwera atsikana a zaumoyo ndi mapilula awo olera ndi timitengo toika pamkono tija, ndine ndinawayankha pabwalo mpaka anakwera mota yawo, njinga yamoto ija, osatsanzika. Mwana wanga Marcelina atabereka mwana wake woyamba, Danieli, anafuna kukaikitsa kamtengo kameneko. Ndinamuuza kuti akakaikitsa asadzapondenso pakhomo panga, ndipo anamvera. Marcelina ndi mwana womvera, mwina mopitirira muyezo.

Danieli ali ndi miyezi isanu ndi inayi, ndinamuona Marcelina akulavula malovu kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndinamuona kawiri, katatu. Ine ndabereka asanu ndi awiri, zoterezi sindichita kuombeza.

"Iwe, watumbiza?"

Anangoyang'ana pansi, chala chakuphazi chikukumba dothi.

Kalanga ine. Mimba ina mwana akadali kubere. Kwathu kuno manyazi ake ndi aakulu, koma manyaziwo ndikanawameza. Chimene chinandiopsa ndi chimene tonse tinakula tikuchidziwa, chakuti mkaka wa mayi wapakati ndi wowola, mwana akauyamwa amafota mpaka kupita. Ndinapita kuchigafa komweko kumene mkamwini wanga Cosme ankasoka fodya. Mkamwini sayankhulidwa maso ndi maso, ndikudziwa, koma tsiku limenelo ndinayankhula ndi mzati umene unali pafupi naye. Ndinauza mzatiwo kuti ngakhale tambala amadziwa kuti nkhuku ya anapiye imasiyidwa. Cosme anangovula chipewa.

Tsiku lomwelo ndinasinja tsabola, ndinamupaka Marcelina kumawere, mwana ndinamutengera kunyumba kwanga. Amayi anga ankatero, agogo anganso ankatero. Marcelina analira, ine ndinamuuza kuti akalire kwa mwamuna wake.

Danieli anakana phala. Ndinamuphikira la mgaiwa, ndinathiramo nsinjiro, ndinathiramo shuga, iye n'kumangotembenuza mutu. Ndinkamupana pamiyendo ndi kumuthira ndi dzanja, theka lilowe, theka libwerere. Tsiku lachinayi anayamba kutsegula m'mimba. Pofika sabata yachiwiri maso analowa, liwombo linalowa, kulira kwake kunasanduka kamawu kochepa kosaleka. Mwana amene ankakwawa kuthamangitsa abakha pabwalo tsopano ankangogona pamene wamuika. Kumjigo amayi ankasiya nkhani ine ndikafika.

Amene anandipeza kudimba ndi Zefa, mnzanga wa ku Lejiyau komweko, amene timakhala benchi limodzi. Anayang'ana uku ndi uku asanayankhule.

"Amake Marcelina, mwachotsa bere koma simunachotse gwero. Amene ali m'katiyo ndiye akumuotcha mnzake. Masiku ano kuchipatala amathandiza, lamulo limalola mimba ikakhala yaing'ono. Bola kupulumutsa amene tikumuona ndi maso."

Ndinamutukwana Zefa. Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano, mpaka anathawa n'kuiwala khasu lake. Koma mawu ake sanathawe. M'mawa mwake ndinamunyamula Danieli kuti ndimusambitse, mutu wake unagwera kumbuyo, khosi losagwira. Pamenepo ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Mdzukulu wanga ndinkamudziwa fungo lake, ndinkadziwa timano tiwiri tam'kamwa tija timene tinali titangomera. Winayo ndinkamudziwa chiyani? Ine Zulmira, wolalikira uja, ndinapita kwa Marcelina n'kumuuza kuti avale, tikupita ku Furancungo kukachotsa. Cosme ndinamutumizira mawu akuti tikupita ndi mwana kusikelo.

Marcelina sanati inde, sanati ayi. Anamanga nsalu yake ya kapulana n'kutsogola.

Tinakwera mota imodzi, iye pakati, ine kumbuyo, Danieli kumsana kwanga. Msewu wake mukuudziwa, fumbi ndi maenje. Kolona inali m'thumba, ndinkaigwira koma pemphero silinkatuluka. Ndikanapempha chiyani, kuti Maria andiperekeze kumene ndinkapitako?

Tinafika dzuwa litakwera, bisha ya amayi, mzere wodikira uja, itafika kale pamtengo. Tinadikira mpaka tinalowa. Namwino wake anali kamtsikana kafupi, dzina lake Tânia, kayankhulidwe ka ku Tsangano. Mumtima ndinati aka kangadziwe chiyani, mwina sikanaberekeko n'komwe. Ndinamufotokozera chimene tabwerera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga munthu anandiuza kuti ndikweze mawu.

Iye sanadabwe, sanandiyang'ane moipa. Anati, "Lamulo limalola mpaka doze semana, masabata khumi ndi awiri, mama, ndipo zimenezo ndikambirana ndi mwini mimba. Koma choyamba mumasule mwana ali kumsanayo."

Anamuika pasikelo, anatsina khungu lapamimba, khungulo linakhala chitsinire. Anafunsa kuti mwanayu anayamwa liti komaliza.

"Masiku khumi ndi awiri apitawo," anayankha Marcelina.

"Wamuletsa ndani?"

"Ndine," ndinatero ine, ndipo ndinatero monyada. "Mayi wake watumbiza. Mukanafuna ayamwe zowola?"

Tânia anapuma mpweya wautali. "Mama, mkaka wa mayi wapakati suwola. Ndi mkaka womwewo. Mwana uyu sakudwala chifukwa cha mimba ya amake. Akudwala chifukwa mwamuchotsa kubere tsiku limodzi, wakana kudya, watsegula m'mimba, madzi atha m'thupi. Ngakhale tichotse mimbayi lero, iye sachira ndi zimenezo."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti ine ndalera asanu ndi awiri, ndaona ana a anthu akufota ndi utumbidwa iye asanabadwe.

"Ndikukhulupirira kuti munawaona," anatero. "Ndipo onsewo anali atachotsedwa kubere, si choncho?"

Ndinayamba kuwawerenga m'mutu, mwana wa mlamu wanga, mwana wa kutsidya kwa mtsinje uja, wina wa ku Tsangano kwa achemwali. Onse tinawapaka tsabola amayi awo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene tinamusiya kubere kuti tione.

Tânia anasungunula soro m'kapu, mankhwala aja obwezera madzi m'thupi, anandipatsa supuni kuti ndizimumwetsa Danieli pang'onopang'ono. Kenako anamuuza Marcelina kuti agone pabedi, aone kukula kwa mimba. Anaipapasa, anafunsa za masiku, anati ili pafupi ndithu ndi malire aja. Ndiye anatulutsa m'kabati kachipangizo konga wailesi yaing'ono, kokhala ndi chingwe.

"Aka kamamva mtima wa mwana. Ndikhoza kukatsegula, ndikhozanso kukasiya. Ufuna kumva, mana Marcelina?"

Ine ndinati palibe chifukwa. Tânia sananditembenukire n'komwe.

"Ndikufuna," anatero Marcelina.

Anamupaka mafuta oziziritsa pansi pa mchombo n'kuyamba kuyendetsa kachipangizoko. Poyamba kanangofuula fooo, ngati mphepo. Kenako kunamveka kugunda kwapang'onopang'ono, Tânia anati umenewo ndi wa Marcelina. Anasuntha dzanja, anadikira, anasunthanso. Ine ndinali nditayamba kuganiza kuti mulibe kanthu, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinkafuna kuti mukhale mulibe.

Ndiye unamveka. Gu-gu-gu-gu-gu, mofulumira, mosaphonya, ngati atsikana awiri akusinja mumtondo umodzi. Unadzaza chipinda chonse. Supuni inaima m'dzanja langa.

"Ndi ameneyo," anatero Tânia.

Ndinafunsa kuti ndi wamkulu bwanji. Anandionetsa chala chake chamkombaphala, anati sanafike n'komwe pamenepo. Mtima wake, anati, mwina ngati njere ya chimanga, kaya kucheperapo.

Abale anga, thupi lonse linachita tsemwe. Ine ndanyamula mimba zisanu ndi ziwiri, ndamva ana akutakataka m'kati mwanga, koma pamenepo amakhala atakula kale. Uyu mimba yake inali isanaoneke n'komwe, kapulana inkamangika bwinobwino. Komabe m'katimo, mumdima, mopanda womuona, munali wina ali pantchito yake. Ife tikukangana kuchigafa iye ankagunda. Ine ndikutukwana Zefa kudimba iye ankagunda. Pamota paja, m'maenje monse muja, anali pakati pa ine ndi woyendetsa, akugunda chomwecho. Ndani anamuyambitsa? Ndani anamuuza liwiro lake? Zaka makumi awiri ndakhala ndikukalipira amayi za munthu ameneyu, ndipo ndinali ndisanamumvepo. Ndinkangolankhula. Tsiku limene ndinamumva ndi lomwe ndinabwera kudzamuletsa. Ndinachita mantha ngati amene munthu amachita wansembe akakweza Ukaristia, ndipo ndinafuna kugwada.

Tânia anatseka kachipangizoko. Chipinda chinakhala zii, kupatula kamawu ka Danieli.

"Tsopano ndikufunsa iwe, Marcelina," anatero. "Osati amayi ako. Chimene unene ndi chimene tichite."

Marcelina anadzuka, anakhala tsonga. Sanayang'ane namwino, anayang'ana ine, ndipo sindikumbuka kuti anandiyang'anapo chotero.

"Amayi, ine sindinanenepo kuti ndikufuna kuchotsa. Munanena ndinu. Chilichonse chokhudza thupi langali mumanena ndinu, ine ndimangovala kapulana n'kutsogola. Uyu sachoka. Ndipo mundipatse mwana wanga."

Akanakhala masiku ena, akanaona chimene chinameta nkhanga mpala. Koma ndinangoimirira n'kumupatsa.

Tânia anati Danieli agonekedwa masiku angapo, ndipo ayesa kumubwezera kubere, ngakhale sangalonjeze kuti mkaka ukadalipo wokwanira kapena kuti mwanayo ali ndi mphamvu zokoka. Anati mwana akafooka chotere nthawi zina amakana. Kenako anandiuza mwaulemu kuti ndikadikire panja. Ine Zulmira, kutulutsidwa ndi kamtsikana. Ndinatuluka.

Ndinakhala pakhonde, pansi pa zenera la chipinda chimene ndinawasiyamo. Dzuwa linali paliwombo. Amayi a pabisha ankadya chinangwa, wina anandipatsako, ndinakana. Ndinkangomvera kamawu ka mdzukulu wanga kudzera pazenerapo, eee, eee, kofooka, komweko kamene ndinkakamva masiku onsewa. Ndinkamvanso Marcelina akumunyengerera, "Tenga, bambo, tenga, palibe chowawa lero." Iye n'kumakana. Ndinadziwa chimene ankakana, anali akukumbukira tsabola uja. Pamenepo ndinalira, osabisa, amayi aja akundiona. Ndinati Mulungu, ngati mwana uyu apita, wamupha si wam'mimbayo, si Cosme, ndine ndi mtondo wanga. Musamulange iye chifukwa cha nzeru zanga.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Mthunzi wa khonde unali utasuntha. Kenako kamawu kaja kanaleka.

Ndinadikira kuti kayambirenso. Sikanayambe. Ndinadikira kuti ndimve Marcelina akulankhula, osamveka. Ine ndakhala pa maliro a ana ambiri, ndikudziwa kuti mayi asanakuwe pamakhala kachetechete kotere. Ndinadzuka, ndinakankha chitseko popanda odi.

Marcelina anali atakhala pabedi, bulauzi atakweza. Danieli anali kubere. Maso anali otseka, masaya olowa aja akuyenda pang'onopang'ono, akoke, apume, akokenso. Pakhosi pake pankaoneka kuti akumeza. Kadzanja kake kouma kaja kanali katagona pamimba pa amake, pamalo pomwe paja pamene panali pakadali mafuta a namwino. Tânia anaimirira pambali, anaika chala pakamwa kuti ndisayankhule. Sanafunikire kutero.

Ndinaima pakhomopo. Thupi limodzi la mwana wanga, loonda, limene ndinalisambitsa ndekha ali wakhanda, linkadyetsa wina kunja ndi wina m'kati nthawi imodzi, ndipo silinkafunsa nzeru kwa ine. Pabedi paja panali anthu atatu, ndipo m'mawa womwewo ine ndinakwera mota kudzachotsapo mmodzi.

Ndinafuna kupepesa, koma pakamwa panga potchuka paja panalibe kanthu. Marcelina anakweza maso, anandiona mmene ndinaliri.

"Amayi," anatero motsitsa, kuti mwana asadzidzimuke, "musangoima pamenepo. Dzandigwireni msana, awiriwa akundilemera."

Ndinavula nsapato, ndinakwera pabedipo, ndinakhala kumbuyo kwake. Anatsamira pa ine ndi thupi lake lonse.