Tsiku Limene a Fishel Anaikira Mnzawo Kumbuyo

Sunagoge wathu wa ku Melbourne ndi wamng'ono, koma kudzimva ndiye musanene. Komiti ikakhala pansi, ngakhale nkhani ikhale ya denga lodontha, timatsata malamulo a bwalo lakale la makolo athu achiyuda, lija linkaweruza milandu yokwapulidwa ndi yoponyedwa miyala. Chonsecho ndife anthu oti ngakhale nkhuku timakagula yophapha!

Katswiri wa malamulowo anali a Fishel, telala wopuma ntchito. Lamulo lawo lapamtima, lomwe anatiboola nalo m'makutu, linali ili: oweruza onse akagwirizana kuti munthu aphedwe, munthuyo amamasulidwa, chifukwa mlandu wopanda womuikira kumbuyo ndiye kuti sunaunikidwe bwino.

Tsono kunabwera nkhani ya a Getzel, otsogolera nyimbo za mapemphero, mnzawo wa a Fishel wa ponda apa nane mpondepo. Mawu awo anali atasasa ndi ukalamba, ndipo a Lipman, omwe anatigulira mipando, anaumirira kuti komiti iwachotse. Tonse tinkadziwa kuti chimwalirireni akazi awo, chowadzutsa a Getzel m'mawa chinali kuimbako basi. Choncho nkhaniyi tinaitenga ngati mlandu wa imfa.

Mlungu wonsewo a Fishel anadzitsekera m'chipinda, kukonza mawu opulumutsira mnzawo. Foni ikalira, ankangokuwa.

"Akuimba ndi a Rabi, bambo," anatero akazi awo.

"Ngakhale akhale ndani! Woweruza sanong'onezedwa."

Tsiku la mlandu, a Rabi, mtsogoleri wa sunagoge, anayamba kufunsa a komiti mmodzimmodzi. "Achoke," anatero woyamba, maso ali m'kapu ya tiyi. "Achoke," wachiwiri. Mawu omwewo anazungulira tebulo. A Fishel mtima unawawawa. Anthu awa, amene a Getzel anawaimbira pa maukwati ndi pa maliro omwe!

Itafika nthawi yawo, wina anawaponda phazi pansi pa tebulo. Wina anawakankhira mbale ya nsomba yamchere. "Idyani, a Fishel, idyani kaye."

Iwo anaimirira. Ndipo analankhula, abale! Anatchula aneneri, anatchula amasiye, anatitcha afisi. Misozi inali mbwembwembwe, ndipo pakatikati anadzimva okha kuti lero ndiye akulankhula mokoma zedi. "Ngakhale nditsale ndekha," anamaliza akumenya tebulo, "ine ndikuti a Getzel akhale!"

A Rabi anagwira mutu ndi manja onse awiri. Amene anamwetulira ndi a Lipman okha.

"Womuikira kumbuyo wapezeka," anatero a Lipman. "Ndiye kuti mlandu waunikidwa bwino, ambiri apambana. Si choncho, a Fishel? Malamulo mumawadziwa ndinu."

Apo m'pamene a Fishel anamvetsa za mafoni aja ndi phazi lija. Anzawo tonse tinali titapangana kuti tinene "achoke" limodzi ndi a Lipman, kuti chigamulo chife chokha popanda wokangana ndi mwini mipando.

"Ndasintha maganizo!" anakuwa. "Achoke! Amaimba ngati chitseko!"

"Pa mlandu wa imfa, amene waikira munthu kumbuyo sabwerera kukamutsutsa," anatero a Rabi motopa. "Munatiphunzitsa nokha."

A Getzel ankadikira pa benchi panja, mpango uli m'khosi kuteteza timawu totsalato. Iwo za pangano lija ankazidziwa. Ataona a Fishel akutuluka, nkhope yawo inawala.

"Zatheka, achimwene? Onse andikana?"

"Onse," anatero a Fishel, "kupatula mmodzi."

A Getzel anawayang'ana nthawi yaitali: maso ofiira, ndevu zonyowa, jekete la pa zikondwerero. Kenako anasendera kuti mnzawo akhale.

"Koma munalankhula bwino?"

"Kwambiri."

"Ndinadziwa," anatero a Getzel, nayamba kumasula mpango uja pang'onopang'ono.