Tsitsi la Mayi wa Mkwatibwi

"Amayi, tandiyang'anani. Ndikuti tandiyang'anani kuno!"

Mal-sun sanatembenuke. Anangopitiriza kuponda makatoni amene anatola m'mawa uja kuti aphwatalale. Kachipinda kake ka lendi kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Seoul kanali kothina moti mwana wake Hye-rim anachita kuima pakhomo, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Akuti Lachinayi mukukameta mpala pamaso pa makamera. Andiuza ndi mayi Gye-ja. N'zoona?"

"Pakamwa pa Gye-ja mpopanda chitseko," anatero Mal-sun.

"Ndikumvatu ine kuno!" anakuwa Gye-ja, mnansi wake wa Mal-sun, ali m'chipinda chake. Makoma a nyumba ija anali a timatabwa, wina akatsokomola onse amadzuka.

Hye-rim sanaseke. Ukwati wake unali Loweruka la sabata yotsatira. Ndipo paukwati, amene amayamba kulowa ndi amayi awiri, wa mkwati ndi wa mkwatibwi, atagwirana manja, atavala zovala zachikhalidwe zotchedwa hanbok, tsitsi atalimanga bwino kumbuyo, n'kukayatsa makandulo kutsogolo. Mal-sun anakhala akulisunga tsitsi lake chifukwa cha tsikulo. Nkhope inali itakwinyika, manja atachita zikang'a, koma tsitsi lokha, ayi ndithu, linali lakuda bii, lofika m'chiuno.

"Ndidzavala wigi," anatero.

"Wigi idzabisa nkhope yanu pa TV? Apongozi anga ndinawauza kuti mumagulitsa nsalu pamsika. Adzakuonani mutakhala pamsewu, mutu uli mbee, mukukuwa zaumphawi. Dikirani ukwati uthe, chonde."

"Aphungu akukambirana lamulolo Lachinayi. Sadikira ukwati wako."

Lamulo limenelo ndi limene linapha Deok-bae, mdala wa chipinda choyang'anana ndi chake. Kwa zaka zambiri ankakankha limodzi ngolo ya makatoni, kufikira matenda a shuga atamudya miyendo. Atapita kuofesi ya boma kukapempha thandizo, anamubweza, ati ali ndi mwana wamwamuna wapantchito, amusamale ndi ameneyo. Mwana wake uti? Munthu amene anamuona komaliza ali mwana wasukulu! Deok-bae anafera m'chipinda m'nyengo yotentha, ndipo amene anakankha chitseko, fungo litayamba kumveka, anali Mal-sun. Mwana uja ngakhale mtembo sanabwere kudzatenga. Choncho a bungwe lolimbana ndi umphawi atafunsa amene angamete pachionetsero, Mal-sun anakweza dzanja asanamalize n'kufunsa komwe.

"Bambo Deok-bae anapita, Mulungu awasunge," anatero Hye-rim. "Koma wamoyo ndine. Mukusankha maliro kusiya mwana wanu?"

Apa Mal-sun anasiya makatoni.

"Ukuganiza kuti ndimatola zinyalalazi chifukwa chokonda? Nanenso anandibweza kuofesi ya boma, chifukwa cha iweyo, poti uli pantchito."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Kuti utani? Uzigona ndi njala iweyo? Anandiuza kuti njira ilipo imodzi: ndikanene pamaso pawo kuti mwana wanga ananditaya. Ndinawayankha kuti bola ndife. Mwana wanga sananditaye."

Hye-rim analira, kulira kwenikweni kwa mwana, mamina ali chuchuchu. Kenako anapukuta nkhope, n'kutsika masitepe osatsanzika. Mtima wa Mal-sun unawawa kwambiri, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Lachinayi kunacha ndi mphepo yozizira. Kutsogolo kwa maofesi a boma anandandalika mipando yapulasitiki. Kumbuyo kunali nsalu zolembedwa kuti boma lichotse lamulo lija, lithetse umphawi muno, lithandizenso osauka a maiko ena. Anthu anabwera ndithu: a panjinga za olumala, ogona kusiteshoni, amayi ogulitsa mumsewu. Apolisi anali ndii m'mbali, ojambula akukankhana.

Mal-sun anakhala pampando, chithunzi cha Deok-bae chili pamiyendo. Wometa anali Gye-ja yemweyo, poti kale ankagwira ntchito mu saluni. Anamumanga nsalu yoyera m'khosi, n'kumasula tsitsi lija. Linagwa kumsana lonse.

"Achemwali," ananong'ona Gye-ja, "anthu alipo ambiri pano. Dzukani, palibe angakunyozeni."

"Meta, iwe. Kulongolola unalongolola kale."

Makina analira. Mal-sun anamva chitsulo chozizira chikudutsa pakati pamutu, tsitsi likugwera pagalasi la chithunzi. Ankalichotsa ndi chala kuti nkhope ya mdala izioneka. Anali atalonjeza mumtima kuti salira pamaso pa makamera, koma misozi inangotsika yokha.

"Mutu wake ngati mbatata," anatero Gye-ja pomaliza. "Ndikanadziwa sindikanavomera."

Atamupatsa chimkuzamawu, Mal-sun anaiwala zonse zimene anakonzekera. Anangokweza chithunzi m'mwamba.

"Uyu ndi Ok Deok-bae. Ankakonda msuzi wa nsomba wotentha. Anafa yekha. Musatiuzenso kuti tikane ana athu kuti tidye."

Atamaliza kulankhula ndi pamene anamuona Hye-rim, ataima kuseri kwa ojambula. Anabwera pang'onopang'ono, maso ali psuu. Anavula mpango waubweya m'khosi mwake, n'kuukulunga pamutu pa mayi ake, kuumanga bwinobwino pansi pa chibwano monga mayiwo ankamumangira iye ali wamng'ono.

"Muzizidwa," anatero. Kenako anayang'ana pansi. "Apongozi aona kale pafoni. Akuti kandulo adzayatsa azakhali a malemu bambo anga. Akuti ndi bwino musabwere, abale awo angafunse zambiri."

"Nanga iwe wati chiyani?"

Hye-rim anangogwira dzanja la mayi ake, kulifinya, n'kuthamangira basi.

Aphungu aja sanagwirizane kanthu; nkhaniyo anaikankhira chaka china.

Loweruka la ukwati Mal-sun sanapite kukatola makatoni. Anakhala pamphasa yake, hanbok yobwereka ili lende pamsomali, mpango uja uli kumutu. Masana Gye-ja analowa ndi mbale ya phala la nyemba zofiira, n'kukhala pakhomo poti mkati munalibe malo. 

"Pano ndiye kuti alowa kukayatsa makandulo," anatero Mal-sun. "Azakhali aja dzanja limanjenjemera. Kaya ayatsa bwino."

Gye-ja anatsokomola pang'ono.

"Achemwali, musandikwiyire. Lolemba tiyeni kuofesi kuja. Tsopano mukhoza kuwauza zija amafuna, zoti mwana wanu anakutayani. Umboni ndipereka ine, kuti paukwati pomwe sanakuitaneni. Mwina mungapume kukankha ngolo."

Mal-sun anayang'ana phala lija, kenako anakweza dzanja n'kugwira mfundo ya mpango pansi pa chibwano.

"Lolemba undidzutse m'mamawa," anatero. "Makatoni a kumsika amatha msanga."