Kabokosi Kodikira Chala

Jitske ndinamudziwa ngati munthu wosaugwira mtima. Kompyuta ikangochedwa pang'ono ankaiwombera m'manja ngati akuthamangitsa nkhuku. Ndiye bwana wathu Douwe atapeza ntchito yokonzera tsamba la pa intaneti golosale ina yam'mudzi kunja kwa mzinda wa Leeuwarden, kuti anthu azigula ali kunyumba n'kumawabweretsera katundu pakhomo, kabokosi kofufuzira zinthu anapatsa iyeyo. Ine Harmen anandiponyera za mitundu ndi mabatani, ntchito zija amapatsa munthu akaona kuti imvi zachuluka.

Ndipo kabokosiko anakapangadi, eee! Ukangogunda chilembo chimodzi, katundu mbwee pansi pake. Ukawonjezera china, zonse zasintha kale usanaphethire. Douwe anasangalala mpaka kugula keke, munthu woumira ngati ameneyo.

Bambo ake a Jitske, a Siebren, ankakhala okha m'mudzi womwewo. Kale anali okhoma mabwato, koma tsopano manja awo ankanjenjemera ndi matenda moti kapu ankaigwira ndi manja awiri. Njinga anali ataisiya. Chakudya chawo chonse ankagula pa tsamba lathulo.

Patapita milungu ingapo mchimwene wake wa Jitske, Tjerk, anaimba foni tili pa nkhomaliro, buledi ndi tchizi zili kukamwa. Ndinamva zonse, chifukwa Tjerk salankhula, amalengeza. Ankati m'khitchini mwa bambo mwadzaza chakudya cha amphaka pamene mphaka alibe, matewera a makanda, ndi viniga wokwanira mudzi wonse. Ukawafunsa amangoti sakudziwa. Mutu wayamba kusokonekera, anatero Tjerk, ndipo iye walankhula kale ndi a kunyumba yosungirako okalamba. Malo alipo, Loweruka adzabwera kudzawatenga.

Jitske sanakangane naye. Anangondiuza kuti nditenge makiyi a galimoto. Ndinang'ung'udza njira yonse, mvula ikuwaza, komabe ndinapita.

Titafika kwa a Siebren, Jitske anawapatsa tabuleti, kakompyuta kam'manja, n'kuwapempha kuti agule khofi pa tsamba lathu lija, iye n'kuima kumbuyo kwawo. Ine nditafuna kuwathandiza anandiponda phazi. A Siebren analemba bwinobwino, khofi n'kuonekera pamwamba penipeni. Anakweza chala kuti asankhe. Chalacho potsika chinanjenjemera, chinakhudza chilembo china, katundu yense n'kusuntha, ndipo chinakatera pa sopo wotsukira mbale. Mkuluyo anayang'ana sopoyo kwa nthawi yaitali, kenako anatembenukira pawindo. Zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Pobwerera Jitske analankhula kamodzi kokha.

"Si mutu wa ababa, Harmen. Ndi kabokosi kanga."

Apa m'pamene ndinamugomera. Wina akanakonza mwakachetechete, manyazi n'kuwakwirira. Iye m'mawa mwake anaima pamaso pa Douwe, tonse tikumva, n'kunena kuti kabokosi tinadyera keke kaja n'kolakwika ndipo akachedwetsa. Douwe anatsala pang'ono kutsamwa ndi khofi. Anati dziko lonse likuthamanga, iye akufuna kuti tizigulitsa nkhono? Jitske anamufunsa kuti amene amagula pa tsamba la golosale yam'mudzi ndani, anyamata amphamvu zawo kapena anthu amene miyendo yawakana? Douwe anakanda ndevu n'kumuuza kuti achite zimene akufuna, bola Lachisanu lisadutse.

Masiku amenewo munthu wosapirira uja anakhala pansi kuphunzitsa makina kudikira. Kabokosi kaziyamba kadikira kuti chala chipume kasanasinthe kanthu. Katundu akaonekera, azikhala phee pamalo pake. Chilembo chogundidwa kawiri mwangozi kazichikhululukira. Mabatani anandiuza kuti ndiwakulitse, ndipo ankangondibwezera, ati akadali ngati nthata. Poyesa ankavala magolovesi ochindikala a nyengo yachisanu, ine n'kundiuza kuti ndizigwedeza tebulo. Bambo wamkulu ngati ine, tsiku lonse kugwedeza tebulo! Ndinkatukwana chamumtima, koma kunena zoona sindinaonepo munthu akugwira ntchito ndi mtima wonse chonchija.

Loweruka Tjerk anatipeza kwa a Siebren atabwera ndi galimoto, injini osazimitsa n'komwe. Jitske anamuuza kuti akhale pansi ndipo atseke pakamwa kamodzi kokha pa moyo wake. Ine ndinadzipanikiza pakona, ndikunamizira kuyang'ana zithunzi za mabwato pakhoma.

A Siebren poyamba anakana, ati asawachititsenso manyazi pamaso pa mlendo. Kenako anakoka tabuleti ija. Chala chinavina monga mwa masiku onse, koma katundu sanathawe. Buledi analowa m'dengu la pa tsambalo. Batala analowa. Mbatatesi, nsomba za m'botolo. Tjerk sanakhutire, anayamba kuwatchulira yekha zinthu, mababu a magetsi, anyezi, mankhwala otsukira mano, ndipo chilichonse chinalowa monga anachitchulira. Kenako anadzuka n'kutuluka kukazimitsa injini. Anachedwako, ndipo atabwera maso ake anali psuu.

A Siebren anali chikhalire, akuyang'ana chala chawo.

"Ndiye kuti mutu wanga uli bwinobwino?" anafunsa motsitsa mawu.

"Uli bwino, ababa," anatero Jitske. "Wolakwa ndinali ine."

"Inetu ndinali nditavomera kale mumtima kuti Tjerk akunena zoona. Ndinkangoopa kukuuzani." Kenako anatembenukira kwa Jitske. "Mwanawe, kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kuli sutikesi. Ndinalongedza ndekha, osauza munthu. Pita ukandimasulire. Manja angawa achedwa nayo."