Kalata ya mu Julayi

Mackford anabwera ku Lilongwe kudzatenga kapepala kamodzi basi, kalata ya boma yomulola kubwerera ku Mangalande kukamaliza chaka chotsiriza cha maphunziro. Sukulu yake inali itanenetsa kuti kalatayo ikapanda kufika Seputembala asanathe, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Tsoka lake, inali miyezi imene boma linkasamuka ku Zomba, mafayilo ali balala pamalole ngati katundu wa mkamwini wopitikitsidwa.

Ankagona kwa mlongo wake Dinah ku Area 15, ndipo m'mawa uliwonse ankaponda fumbi kupita ku ofesi ya boma ku City Centre. A Lexon, kalaliki wa mu ofesiyo, anali munthu wabwino mtima koma wokonda macheza kuposa ntchito.

"Kodi achimwene, kumeneko mumaphunzira chiyani kwenikweni?"

"Ndimayeza madzi, bambo. M'ng'anjo ya nyukiliya muli timachubu ta yureniyamu, ndipo munthu sangalowemo kukationa. Kachubu kakang'aluka, poizoni wake amatayikira m'madzi oziziritsa ng'anjoyo. Ndiye timatunga madziwo, makina n'kuwerenga. Manambala akakwera, basi tadziwa kuti kena kakudontha."

"Osakaona n'komwe?"

"Osakaona."

A Lexon anapukusa mutu mogoma, n'kunena zawo za masiku onse: "Fayilo yanu ili m'njira. Mubwere mawa."

Mawalo linabala mawa linzake. Mackford anakwera basi mpaka ku Zomba, kumeneko anamuuza kuti zonse zinapita kalekale. Anafufuza m'nyumba yosungiramo katundu ku Area 2, anangopezamo makoswe. Seputembala anatha. Mnyamatayo anaonda, anasiya kutsegula mabuku ake, ndipo Dinah ankalira mobisa kukhitchini.

Mvula itayamba, lole ya mipando inafika. Miyezi yonseyi alendo a mu ofesiyo ankakhala pabokosi lamatabwa poti panalibe pena pokhala, ndipo Mackford ndiye analikhalira kuposa onse. A Lexon atalitsegula kuti alichotse, anapezamo mafayilo. Yachitatu kuchokera pamwamba inali ya Mackford, kalata itasainidwa mu Julayi, chidindo chili pompo.

A Lexon anavula magalasi. "Pepani, achimwene. Pepani kwambiri."

Mackford anaipinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'thumba. Mtima unamuwawa moti ngakhale kukwiya kunamukanika. Atafika kunyumba anangoipereka kwa mlongo wake. Dinah anaona chidindo asanaone deti, n'kuiwala kuti Seputembala anatha kale, ndipo anathamangira kuchipinda kukamutsitsira sutikesi.