Chala pa Khobidi Lasiliva

Wogula zinthu zakale uja anatembenuza khobidi lachitatu pansi pa nyale, nachotsa kagalasi padiso pake.

"Wakwecha makobidiwa ndani?"

Dalaivala, mwana woyamba wa malemu, anakhosomola. Amayi ake anali pampando pambali pake, atafungatira kachikwama. Panali patatha masiku asanu ndi atatu chiikireni bambo m'manda. Bambowo anali okonza mawotchi, ndipo chimene anasiya chinali kabokosi ka makobidi akale asiliva. Denga la amayi linkadontha, mvula ili pafupi, ndipo Dalaivala anali atalonjeza pamaso pa abale onse kuti malata atsopano achokera m'kabokosimo.

"Ndine," anayankha. "Anali akuda bii ngati kunsi kwa poto. Angagule zauve ndani?"

"Munatsuka ndi chiyani?"

"Phulusa. Pamene panakanika ndinapitapo ndi kawaya kotsukira mapoto."

Wogulayo anamupatsa kagalasi. "Taonani nokha, achimwene. Ayi, mwatsinzina diso lolakwika."

Dalaivala anawerama. Khobidi limene dzulo linkawala ngati kalilole linali ndi timizere tambirimbiri topingasana, ngati bwalo limene nkhuku zapalasapo. Tsitsi la munthu wojambulidwapo linali litafafanizika.

"Kuda kuja sunali uve," anatero wogulayo. "Siliva akakhalitsa amathimbirira yekha, ndipo osonkhanitsa makobidi amafuna zimenezo, chifukwa zimasonyeza kuti palibe anamusokoneza. Kadontho koyera aka, kangati mkaka, n'kobadwa nako, sitidandaula nako kwenikweni. Kuphwanyika kwa m'mbaliku n'kwakale, linagwa pansi. Koma timizere iti n'tadzulo, ndipo sitichoka mpaka kalekale. Nanga timaenvulopu tawo tili kuti? Bambo anu ndinkawadziwa, ankalemba chilema cha khobidi lililonse pa kaenvulopu kake."

Anayankha ndi amayi, maso ali pansi.

"Anakolezera mbaula. Nditati ndilankhule, anati ndikhale chete, zamalonda sindizidziwa."

"Amayi, pano si pokambira zimenezo."

"Ndiye pokambira ndi pati, mwananga? Kunyumba sumva."

Wogulayo anakankhira makobidi onse pasikelo. Anati awagula monga siliva wokasungunula basi. Akanabwera nawo akuda momwe analili, denga lonse likanatheka, ndi misomali yomwe. Tsopano mwina malata anayi.

Dalaivala anaganiza za alongo ake amene anamuuza kuti adikire, iye n'kuwayankha kuti mwamuna pakhomo tsopano ndi iyeyo.

Amayi anatsegula kachikwama kawo natulutsa kaenvulopu kamodzi kothaitha.

"Aka ndinakapeza m'thumba la jekete la bambo ako, lamkati. Sindinakuonetse."

Dalaivala anasendera pafupi. Mwina khobidi limeneli lokha likanamuchotsa manyazi. Wogulayo analitulutsa mosamala, naligwira m'mbali. Linali lakuda mokongola, koma pa tsaya la chithunzi panali banga lozungulira, la timizere tokhotakhota.

"Ili ndikulidziwa," anatero osagwiritsa n'komwe kagalasi. "Likanakhala losowa kuposa onsewa, koma lili ndi chidindo cha chala. Thukuta la m'manja limadya siliva, likalowa lalowa. Taonani kuchepa kwake. N'chala cha mwana."

"Ndiye nalonso n'lopanda ntchito?"

"Mtengo wake unagwa, koma ndinafunabe kuligula. Bambo anu ndinawapempha katatu, katatu konse anakana. Anati, 'Amene analiwononga ndikumudziwa. Ndinamumenya khofi ali ndi zaka zisanu, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanayandikirenso tebulo langa. Chimene ndinatsala nacho n'chomwechi.'"

Khofi limenelo Dalaivala ankalikumbukira bwino. Kwa zaka makumi anayi ankauza aliyense, mkazi wake, anzake a pamsewu, ngakhale anthu amene anabwera kudzalira maliro, kuti bambo ake ankakonda zitsulo kuposa ana awo. Pokwecha makobidi aja dzulo ankachita kukanikiza ndi mphamvu, akuimba kamluzu.

Anakoka kaenvulopu kaja. Zolemba zake zinali zing'onozing'ono, za munthu wozolowera timawilo ta wotchi: Chala cha mwana wanga. Osapukuta.

"Ndiliike pasikelo?" anafunsa wogulayo.

Dalaivala anayang'ana amayi ake.

"Ayi," anatero amayi. "Tipatseni za malata anayiwo, tikhoma pamwamba pa bedi. Kwinako nditchera beseni, si koyamba."

"Amayi, ndipeza njira. Ndikawauza alongo anga kuti ndine ndinalakwitsa."

"Ukawauzadi."

Amayi anatenga khobidi lija kwa wogulayo nalitambasulira kwa mwana wawo. Dalaivala anapukuta manja pa buluku kawiri, kenaka natambasula chikhatho.

"Osati choncho, iwe," anatero amayi motsitsa mawu. "M'mbali. Bambo ako ankagwira m'mbali."

Analigwira ndi zala ziwiri, m'mbali, nalilowetsa m'kaenvulopu kake pang'onopang'ono.