Chinyalala Chimene Chinapatsa Apongozi Anga Chikho

Tsiku limene ndinapita kukavuula kachipangizo kanga mumtsinje, ndinapeza chingwe chokha chikuyandama.

Ndimagwira ntchito kudamu lamagetsi la tauni yathu, kumpoto kwa Maine, ku America kuno. Chilolezo cha damulo chinali pafupi kutha, ndipo a boma sapereka china asanaone mmene madzi a kunsi kwa damu amafundira nyengo yonse yotentha, poti nsomba zathu zimadana ndi madzi ofunda. Ndiye mu Juni, pamene nyengo yotentha imayamba kwathu kuno, ndinalowetsa kachipangizo koyeza kutentha m'kapaipi, n'kumangirira kunjerwa yasimenti, n'kumiza. Kusowa kwake kunatanthauza kuti chaka chonse chapita pachabe, ndipo ntchito yanga ikanatsatira pambuyo.

Ndinasakasaka madzi ali m'chiuno mpaka miyendo inachita dzanzi, koma osapeza kanthu. Loweruka ndinapita kukadya kwa apongozi anga, mayi Loretta, nkhope ili ndwii.

Mayi Loretta ndi amene amatsogolera gulu lotola zinyalala mumtsinje nyengo yotentha ikamatha. Wotola chinyalala chodabwitsa kwambiri amalandira chikho, ndipo mayiwa nkhani ya chikho saimvera nthabwala.

"Jolene, mwana wanga, ukudwala? Nyemba zanga sunazikhudze."

"Ayi amayi, ndi zakuntchito."

"Tasekako pang'ono. Taona chimene chandipatsa chikho chaka chino. Anthu opanda manyazi, kutaya njerwa ndi mapaipi mumtsinje! Tinachita kukoka ndi ngowe."

Ndinacheuka. Pashelefu ya pamwamba pa chitofu panali njerwa yanga, kapaipi kaja kali pomwepo, yotsukidwa bwinobwino, atayimanga riboni yabuluu.

"Amayi! Munavuula liti chimenechi?"

"Sabata yatha ija. Bwanji kodi? Ukumudziwa wauveyo?"

"Wauveyo ndine."

Ndinathamangira kugalimoto kukatenga laputopu, n'kulumikiza kachipangizoko patebulo pomwepo pakati pa mbale. Zonse zimene kanayeza zinalimo, kuyambira Juni mpaka tsiku lotola zinyalala, ndipo miyezi imene a boma amafuna inali itakwana kale. Ndinasangalala mpaka misozi, mopanda manyazi.

Kumapeto kwake mzere woonetsa kutentha pakompyutapo unkangodumphadumpha ngati chiwala. Apongozi anavala magalasi n'kuloza ndi foloko.

"Nanga apa mtsinje wapenga?"

"Apo si mtsinje, amayi, ndi khitchini yanu. Apa munaphika mapayi anu otsekemera a maapulo. Apa munaphikanso."

"Iiii, kazitape! Dokotala anandiletsa shuga, iwe. Boma liona zimenezi?"

"Ndidula pa tsiku limene munavuula, ndiwafotokozera."

Anapumira m'mwamba, kenako anandiyang'ana mwaukali.

"Chikho sindibweza, umve. Koma ukadzamizanso njerwa ina udzandiuze malo ake. Ndidzakaima pomwepo ndekha. Wokhudza njerwa ya mwana wanga adzandidziwa."